Funsani Injiniya: Kodi ndingadinde pulani yomwe sindinakonze ndine?

FUNSO

A Injiniya, ndine mnyamata amene ndalandira chiphaso cha uinjiniya wa zomangamanga chaka chathachi, ndipo ndikugwira ntchito pa kampani ina. Sabata yatha kunabwera bambo ena ojambula mapulani, anzawo a malume anga, atanyamula mapulani a nyumba yosanja katatu, pansi mashopu, pamwamba zipinda zogona anthu. Mapulaniwo ndi okongola zedi, chilichonse chilimo, mpaka kukula kwa zitsulo ndi kuya kwa maziko. Chikusowa ndi chidindo ndi siginecha ya injiniya basi, poti popanda zimenezi akuluakulu ovomereza mapulani sangawalandire. Iwo akuti ndingowayang'ana madzulo amodzi n'kudinda, ndipo andipatsa ndalama yoposa malipiro anga a mwezi wathunthu. Akutinso ajambula kwa zaka zoposa 20 ndipo palibe nyumba yawo yomwe inagwapo, komanso mainjiniya ambiri amawadindira popanda chovuta. Kukana kukundivuta chifukwa ndi akuluakulu kwa ine. Kodi ndikadinda ndalakwa? Nanga ndikawayang'ana bwinobwino kaye, si basi?

Injiniya wachinyamata

YANKHO

Mphwanga, usadinde. Ndayamba ndi yankho kuti ngakhale utatopera panjira, mawu awa okha uwatenge. Koma uwerenge mpaka pansi, chifukwa ilipo njira yogwirira ntchitoyi, ndalama n'kulandira, usiku n'kumagona tulo tabwino.

Chidindo chako chikakhala papepala chimalankhula m'malo mwako. Chimauza wovomereza mapulani, mwini nyumba, kontrakitala, banki yobwereketsa ndalama, ndi mayi amene adzachite lendi chipinda chapamwamba zaka zikubwerazi kuti: ine uje, amene ndinayesedwa n'kupezeka woyenera, ntchito iyi ndaiyendetsa ndine, ndikuidziwa kuchokera padenga mpaka padothi, ndipo ikalephera mufunse ine. Anthu onsewa sangathe kuwerengera okha ngati mzati uli wokwanira. N'chifukwa chake amadalira chidindo. Ukadinda pulani yomwe wangoiona madzulo amodzi, wanena bodza kwa anthu amene alibe njira yodziwira kuti ndi bodza. Ine vuto lalikulu ndimaliona pamenepa, tisanafike n'komwe ku nkhani ya makhoti.

Malamulo a mainjiniya m'maiko ambiri amanena chinthu chimodzi ngakhale mawu amasiyana. Ku America, malamulo a khalidwe a bungwe la National Society of Professional Engineers amaletsa zinthu ziwiri pamodzi: kusaina ntchito ya gawo lomwe sulidziwa, ndi kusaina pepala lililonse lomwe silinakonzedwe motsogozedwa ndi iwe. Bungwe la NCEES, lomwe limakonza malamulo achitsanzo oti zigawo za dzikolo zizitengerako, limati woyenera kudinda ndi amene ntchitoyo inali m'manja mwake ndipo ankaiyang'anira yekha. Kuwerenga ntchito yothaitha n'kuona ngati ili bwino sikufika pamenepo. Malamulowa sanabwere chifukwa choti mainjiniya ankafuna kudzikundikira ntchito. Chigawo cha Wyoming chinayamba kupereka ziphaso mu 1907, koma zigawo zina zinadikira maliro. California inakhazikitsa lamulo lake mu 1929, patangopita chaka damu la St. Francis litagumuka usiku n'kupha anthu oposa 400. Texas inatero mu 1937, gasi ataphulika pasukulu ya New London n'kupha ana ndi aphunzitsi pafupifupi 300.

Tibwere ku funso lako lachiwiri, lomwe ndi lenileni. Pulani imaonetsa mayankho okha, mafunso omwe anafunsidwa samaoneka. Ukaona palembedwa kuti maziko a mzati akhale mita imodzi ndi theka mbali zonse, pepalalo silikuuza kuti wojambulayo ankaganiza kuti dothi la pamalopo lingasenze zochuluka bwanji, kapena ngati alipo amene anakumba n'kuliyeza. Kawirikawiri nambala ya mphamvu ya dothi imakhala yokopera pa pulani ya malo ena, mwina a pathanthwe, pomwe nyumba iyi ikukamangidwa padambo. Silikuuzanso ngati anawerengera thanki ya madzi padenga. Thanki ya malita 5,000 ndi matani 5, ndipo mwini nyumba amaiika pomwe wafuna. Kiyubiki mita imodzi ya konkire imalemera makilogalamu pafupifupi 2,400, ndiye silabu yochindikala mamilimita 150 payokha ndi makilogalamu 360 pa sikweya mita iliyonse, usanaikepo khoma, matailosi, katundu wa m'shopu, kapena munthu. Zonsezi zimatsikira m'mizati. Ngati sunazitsitse wekha ndi pensulo mpaka padothi, sukudziwa ngati mzati wapakati uli wokwanira. Ukungoona kuti wajambulidwa bwino. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinalandirapo pulani ya mtundu umenewu, yoyera bwino, mizere yowongoka. Inali ndi khonde lapamwamba lotulukira kunja mamita awiri, lopanda mzati pansi. Khonde lotere limakokeka kumtunda kwake, pomwe lalumikizana ndi nyumba, choncho zitsulo zazikulu zimayenera kukhala kumtunda kwa silabu n'kulowa ndithu m'kati mwa nyumba. Wojambulayo anaziika kunsi, monga amachitira ndi silabu wamba yotsamira mbali zonse. Papepala kusiyana kwake kunali kamzere kamodzi kosunthidwa pang'ono. Pamalo omanga, khonde lotere limatha kuthyoka tsiku lomwe achotsa mitengo yochirikiza, apo ayi limadikira tsiku lomwe anthu adzadzazanepo. Munthu amene watopa ndi ntchito ya masana, akuthamangira kudinda, kamzere kotere sakaona.

Za zaka 20 zija, sindikuwanyoza bambowo. Ojambula mapulani ambiri amadziwa zinthu zomwe ife timachoka ku koleji tisakuzidziwa, ndipo ndaphunzira zambiri kwa iwo. Koma kusagwa kwa nyumba si umboni woti ndi yolimba. Masamu athu timawachitira tsiku loipitsitsa, la chivomezi, la mphepo yamkuntho, la mvula yofewetsa dothi, la khamu la anthu. Nyumba yoperewera mphamvu imatha kuima zaka zambiri chifukwa choti tsikulo silinafike.

Injiniya aliyense wokhala ndi chidindo ayenera kudziwa nkhani ya hotela ya Hyatt Regency mumzinda wa Kansas City, m'chigawo cha Missouri ku America. M'chipinda chachikulu chofikira alendo munali timilatho todutsa m'mwamba, topachikidwa kudenga ndi ndodo zachitsulo. Kamlatho ka pansanja yachinayi kanali pamwamba penipeni pa ka pansanja yachiwiri. Pulani yoyamba inati ndodo imodzi yaitali ichoke kudenga, idutse kamlatho kapamwamba mpaka ikafike pa kapansi, kamlatho kalikonse kokhala pa nati yakeyake. Kampani yopanga zitsulo ya Havens inaona kuti ndodo yotere ndi yovuta kupanga ndi kuika, ndiye inaigawa pawiri: ina kuchoka kudenga kufika pa kamlatho kapamwamba, ina kuchoka pamenepo kutsikira pansi. Kusinthako kunkaoneka kochepa. Koma tsopano mtanda wa kamlatho kapamwamba, pomwe pali nati paja, unasenza timilatho tonse tiwiri, katundu n'kuchuluka kawiri. Mapepala osinthidwawo anapita ku ofesi ya mainjiniya, anadindidwa kuti aonedwa, n'kubwezedwa, popanda munthu wowerengera malo olumikizirawo. Pa 17 July 1981 madzulo, anthu akuvina pansi, ena ataima pa timilathoto, nati inaboola mtanda. Anafa anthu 114, oposa 200 anavulala. Ofufuza a bungwe la boma la National Bureau of Standards anapeza kuti ngakhale pulani yoyamba ija inkangokwanitsa pafupifupi 60 peresenti ya mphamvu yomwe malamulo a mzindawo ankafuna.

Mwini chidindo anali Jack Gillum, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku inali m'manja mwa injiniya wake, Daniel Duncan. Pamlandu iwo anati mwachizolowezi malo olumikizira zitsulo amawerengera ndi kampani yopanga zitsulo. Opanga zitsulo nawo anati ankadalira mainjiniya. Mu 1985 onse awiri anapezeka olakwa pa kunyalanyaza ntchito koopsa, mu 1986 analandidwa ziphaso zawo ku Missouri, ndipo mu 1988 khoti la apilo linagwirizana nazo, likuti udindo wobwera ndi chidindo sungapatsiridwe kwa wina. Pambuyo pake Gillum ankayenda m'misonkhano ya mainjiniya kufotokoza zomwe zinachitika kuti ena asadzatero. Iyeyo ntchito inali ya ofesi yake. Iwe akukupempha kusenza ntchito ya munthu amene sali n'komwe pansi pako.

Zikavuta, zidzakugwera motere. Bungwe lopereka ziphaso silidikira kuti nyumba igwe, chifukwa kudinda ntchito yomwe sunayendetse ndi mlandu pawokha, ndipo chilango chimayambira pa chidzudzulo ndi chindapusa mpaka kulandidwa chiphaso. Akakuitana, choyamba amati tionetse masamu ako, ndipo iwe ulibe. Mwini nyumba akafuna chipukuta misozi, loya wake sadzasaka wojambula uja, amene mwina dzina lake silili n'komwe papepala. Adzasaka dzina lomwe lili pachidindo. Inshulansi ya kampani yomwe ukugwirako imateteza ntchito za kampaniyo, maganyu ako a madzulo mulibe, choncho udzalipira za m'thumba mwako, ndipo mabwana ako akhoza kukokeredwa m'nkhani yomwe sakuidziwa. Pakafa munthu, apolisi amalowapo. Komanso mlandu wa nyumba suzilala msanga. Ku France lamulo limamanga omanga ndi okonza mapulani kwa zaka 10 kuchokera tsiku lomwe mwini wake walandira nyumba. Ku England, moto wa panyumba yosanja ya Grenfell Tower wa mu 2017 utachitika, lamulo la mu 2022 linatalikitsa nthawi yosumira pa nyumba zogona zomangidwa molakwika kufika zaka 15 pa zatsopano, ndi zaka 30 pa zomwe zinamangidwa kale. Ndalama ya mwezi umodzi ija idzakhala itatha kalekale.

Ndiye ukawauze bambowo mwaulemu, makamaka malume ako ali pomwepo: "Bambo, chidindo chokha sindingapereke, koma ntchito ya uinjiniya ya nyumbayi ndingaigwire." Kutanthauza kuti upangane ndi mwini nyumba mwachindunji, pangano lolemba. Upite pamalopo, dothi liyezedwe. Uwerengere wekha katundu, silabu, mitanda, mizati ndi maziko. Mapulani awo uwatenge ngati poyambira, ndipo pomwe masamu ako akana, iwo asinthe monga mwa kunena kwako. Zikatero ndiye kuti akujambula motsogozedwa ndi iwe, ndipo chidindo chako chikunena zoona. Zidzatenga masabata ndipo mtengo wake ukwera, uwauziretu. Uyambe wapempha chilolezo kuntchito kwako, upezenso inshulansi yakoyako. Udzifunsenso moona mtima ngati unakonzapo nyumba yosanja katatu. Ngati sunatero, upeze injiniya wamkulu woti akuonere masamu, ndipo umulipire. Akakana zonsezi n'kunena kuti apita kwa wina, asiye apite.

FUNSO

A Injiniya, ndimatsogolera ofesi ya mainjiniya achinyamata asanu ndi ojambula atatu, ndipo wachiphaso ndine ndekha. Mwezi uliwonse ndimadinda mapepala ambiri omwe sindinajambuleko ngakhale mzere umodzi. Ndikamamva anthu akudzudzula odinda ntchito za ena, mtima umandigunda. Kodi inenso ndili m'gulu lomwelo? Chinanso, bwana wamkulu wandipatsa mapulani a magetsi kuti ndidinde limodzi ndi anga a zomanga, akuti zichoke msanga.

Mayi wotsogolera ofesi

YANKHO

Mayi, kudinda ntchito ya achinyamata anu si mlandu. Umo ndi mmene ntchito yathu imayendera kulikonse, ndipo ndi mmene iwo amaphunzirira mpaka kudzalandira ziphaso zawo. Lamulo silifunsa kuti dzanja lomwe linajambula ndi la yani. Limafunsa kuti ziganizo anapanga ndani.

Ine ndimadziyesa motere. Pepala lili patebulo, chidindo chili m'manja, ndimaganiza munthu wodziwa ntchito atakhala kutsogolo kwanga n'kuloza pamalo amodzi. Bwanji apa mwaika mtanda wa mamilimita 450? Katundu munatenga wochuluka bwanji? Njira ina ija munaikaniranji? Ndikatha kuyankha osaitana mnyamata amene anakonza, ndimadinda. Ndikaona kuti ndiyenera kumuitana kuti andiuze, ndimabweza chidindo m'dirowa, n'kukhala naye pansi kaye.

Mungayankhe mafunso otere pokhapokha ngati munalipo kuyambira pachiyambi: munasankha nawo mtundu wa maziko, munavomereza katundu woti awerengere, munaona masamu ali pakatikati, ndipo munali ndi mphamvu yonena kuti ayi, bwerezani. Sungani umboni wake, mapepala omwe munalembapo ndi cholembera chofiira, madeti, makalata. Musadalirenso kuti kompyuta yawerengera. Pulogalamu imayankha molondola funso lomwe yapatsidwa. Mnyamata akalowetsa katundu wolakwika, kapena akaiuza molakwika mmene mzati wagwirira pansi, imatulutsa masamba okongola a mayankho olakwika. Tengani mtanda umodzi ndi mzati umodzi wosenza kwambiri, muwerengere pamanja. Zikasiyana kwambiri ndi za kompyuta, imani pomwepo.

Ngozi ya anthu ngati inu ndi ine imabwera dzina likakula, ntchito n'kuchuluka kuposa maso. Mlatho wa Quebec ku Canada unali m'manja mwa Theodore Cooper, mmodzi mwa mainjiniya otchuka kwambiri a milatho ku America nthawi imeneyo. Masamu ankachita ndi Peter Szlapka wa kampani ya Phoenix Bridge, Cooper n'kumavomereza ali ku New York, poti thanzi lake silinkamulola kuyenda pafupipafupi. Cooper anatalikitsa gawo lapakati kuchoka pa mamita 488 kufika pa 549, koma kulemera kwa mlathowo sikunawerengeredwenso panthawi yake. Aliyense ankati poti Cooper wavomereza, ndiye kuti zili bwino. Pa 29 August 1907 mlathowo unagwa usanathe kumangidwa, anthu 75 n'kufa. Ku Christchurch, ku New Zealand, nyumba ya CTV yosanja kasanu ndi kamodzi inagwa pa chivomezi cha pa 22 February 2011 n'kupha anthu 115 mwa anthu 185 amene anafa pa chivomezicho. Ofufuza a boma anapeza kuti injiniya amene anaikonza mu 1986 anapatsidwa ntchito yoposa msinkhu wake, ndipo mwini kampani, amene ankayenera kumuyang'anira, sanaione ntchitoyo mokwanira. Nyumbayo inaima pafupifupi zaka 25 anthu akulowa ndi kutuluka, cholakwikacho chili momwemo.

Anthu asanu ndi atatu munthu mmodzi angawayang'anire, koma pali malire. Tsiku lomwe mudzayambe kudinda mulu wa mapepala Lachisanu madzulo chifukwa galimoto ikudikira panja, mukawauze eni kampani kuti pakufunika wachiphaso wachiwiri, ndipo muwauze polemba.

Mawu otonthoza alipo. Chidindo si lumbiro loti simungalakwitse. Pa mlandu wa Edgeworth Construction wa mu 1993, wokhudza mapulani olakwika a msewu ku British Columbia, khoti lalikulu la Canada linalola kontrakitala kusumira kampani ya mainjiniya, koma linakana kuti mainjiniya paokha asenze mlandu chabe chifukwa anadinda. Linafotokoza kuti chidindo chimachitira umboni kuti pulaniyo yakonzedwa ndi injiniya woyenera, ndipo si chitsimikizo choti mulibe cholakwika chilichonse. Makhoti a maiko ena angagamule mosiyana, koma muyeso wake nthawi zambiri umakhala wofanana: kodi munachita zomwe injiniya wosamala akanachita? Wolakwitsa atayesetsa ali ndi poyankhira. Wodinda osayang'ana alibe.

Za magetsi zija, kanani. Malamulo a bungwe la National Society of Professional Engineers lomwe ndatchula kale amalola injiniya mmodzi kuyendetsa ntchito yonse, malinga gawo lililonse lasainidwa ndi kudindidwa ndi katswiri amene walikonza. Waya wochepa mphamvu amayatsa moto m'khoma usiku anthu ali mtulo, ndipo inu simungamuzindikire papepala, monganso injiniya wa magetsi sangazindikire mtanda wanu woperewera.

FUNSO

Ine si injiniya, ndine mwini nyumba. Injiniya amene ankandikonzera mapulani anamwalira atatsala pang'ono kumaliza, ndalama zambiri ndinali nditamulipira kale. Ndapita kwa wina kuti angodinda, koma akuti ayenera kuwerengeranso zonse ndipo ndimulipire. Kodi uku si kundibera?

Bambo wodandaula

YANKHO

Pepani bambo, kulipira kawiri kumawawa. Koma injiniya wachiwiriyo sakukuberani, ndipo mumugwiritse. Amene anamwalira uja anapita ndi zonse zomwe zinali m'mutu mwake, zomwe anaona pamalopo, zomwe ankafuna kubwereranso kukakonza. Ntchito yotsala pang'ono kutha ndi yoopsa chifukwa imaoneka yotha, pomwe mwini wake ankadziwa malo omwe anangoikapo nambala yongoyembekezera. Malamulo achitsanzo a NCEES amakamba nkhani yanuyi mwachindunji. Injiniya wolowa m'malo mwa mnzake angadinde pokhapokha atachita yekha mbali yonse ya uinjiniya, kukhala ndi fayilo yake ya masamu, kufufuza malamulo a zomanga, ndi kusintha pofunika kusintha. Kujambulanso mzere uliwonse sikofunika, ndipo apa ndi pomwe mungapulumutse ndalama.

Pitani ku ofesi ya malemuyo kapena kwa abale ake mukapemphe fayilo ya masamu, lipoti la dothi, ndi mapulani a pakompyuta. Kutsata masamu olembedwa bwino kumatenga nthawi yochepa poyerekeza ndi kuyamba pa pepala loyera. Kenako mupemphe injiniya watsopanoyo akulembereni zomwe achite ndi mtengo wake. Mukapeza wina woti adinde tsiku lomwelo pamtengo wochepa, dziwani kuti m'nyumbamo mudzagona ndinu ndi ana anu, ndipo palibe munthu wamoyo amene adzakhale atawerengera mizati yake.

FUNSO

A Injiniya, ndinakonza ndi kudinda pulani ya nyumba yosanja kawiri. Nditadutsa pamalopo ndapeza akuwonjezera nsanja yachitatu. Kope lomwe kapitawo ali nalo lili ndi chidindo changa ndi siginecha yanga, koma masamba ena si anga, wina anakopera chidindocho pakompyuta. Mizati ndi maziko ndi zomwe zija ndinawerengera nsanja ziwiri. Mwini nyumba akuti ndisadandaule, zikavuta sadzanditchula. Nditani?

Injiniya wothedwa nzeru

YANKHO

Achimwene, iyi ndi ya lero lomwe, isagone. Pansi pa silabu imeneyo pali amisiri amene akugwira ntchito panopa, ndipo konkire yaiwisi ndi mitengo yochirikiza zikutsamira pa mizati yomwe inu mukudziwa kuti sinawerengeredwe katundu wotere. Lemberani kalata mwini nyumba ndi kontrakitala, yonena momveka kuti masamba akutiakuti si anu, kuti nsanja yachitatu simunaikonze, ndipo ntchito iime mpaka nyumbayo iunikidwe. Kope la kalatayo lipite kwa akuluakulu ovomereza mapulani ndi ku bungwe lopereka ziphaso. Dziwitsaninso a inshulansi anu, poti ambiri amafuna kuuzidwa mukangodziwa kuti pangabuke mlandu, ndipo mukachedwa amatha kukana. Kukopera chidindo ndi siginecha ya munthu ndi chinyengo, choncho onanani ndi loya za kupita kupolisi. Musaope kuti mukuulula chinsinsi cha kasitomala. Malamulo a khalidwe la mainjiniya amaika moyo wa anthu patsogolo pa zofuna za wolipira.

Lonjezo loti sadzakutchulani lilibe ntchito. Dzina lanu lili kale papepala, ndipo kuyambira tsiku lomwe munaona nsanjayo, mukudziwa. Mukakhala chete, wofufuza adzafunsa chifukwa chake munakhala chete.

Ku Elliot Lake m'chigawo cha Ontario ku Canada, mbali ya denga la msika waukulu wa Algo Centre, pomwe ankaimikapo magalimoto, inagwa pa 23 June 2012 n'kupha amayi awiri. Madzi osakanikirana ndi mchere wothira m'misewu nthawi ya chisanu anakhala akudontha kwa zaka zoposa 30 mpaka malo owotcherera zitsulo anadyeka ndi dzimbiri. Masabata ochepa ngoziyo isanachitike, nyumbayo inayenderedwa ndi injiniya amene chiphaso chake chinali choimitsidwa. Lipoti lake, lonena kuti nyumbayo ndi yolimba, linasainidwanso ndi mnzake wachiphaso, ndipo kafukufuku wa boma anapeza kuti pambuyo pa siginecha imeneyo lipotilo linasinthidwa mwini nyumba atapempha, zinthu zina zoonetsa kudonthako n'kuchotsedwa. Injiniya woyenderayo anazengedwa mlandu ndipo khoti linamumasula mu 2017, koma dzina la mnzake uja linali litakhala kale pansi pa mawu omwe sanali omwe iye anawerenga.

Ikatha iyi, musinthe kasungidwe kanu. Chidindo chizikhala potsekera, kiyi muli nayo nokha. Pa tsamba lililonse lomwe mwadinda muzilemba deti pambali pa siginecha, ndipo tsamba loyamba lizitchula masamba onse ndi nambala ya kusintha kulikonse. Muzisunga kope lanu la chilichonse chomwe chatuluka ndi dzina lanu, ndi kaundula wosonyeza amene munam'patsa ndi tsiku lake. Mafayilo otheka kusintha musamatumize ali ndi chithunzi cha chidindo. Ngati malamulo a komwe muli amalola kusaina pakompyuta, gwiritsani siginecha yotetezedwa, ija imaonetsa yokha kuti fayilo yasinthidwa munthu akangoigwira. Koma choyamba ndi kalata ija, ndipo mukaipereke pamanja kuti wolandira asaine ndi kulemba deti.